Mahinjesi ndi zochirikiza mapiko a tebulo: luso la amisiri a matabwa ku Kitwe ndi ku Ndola

Tebulo lopinda mapiko ndi tebulo limene thabwa lake la pamwamba linagawidwa zigawo ziwiri kapena zitatu, chigawo chapakati chomangidwa pa miyendo mosasunthika, ndipo zigawo za m'mbali, zimene zimatchedwa mapiko, zolumikizidwa ndi mahinjesi kotero kuti zimadzutsidwa pa nthawi ya chakudya kapena ya ntchito, n'kutsitsidwanso ntchitoyo ikatha. Kukhalitsa kwa tebulo lotere kumadalira zitsulo ndi timitengo tobisika kunsi kwake, ndipo mfundo yaikulu imene mmisiri ndi wogula yemwe ayenera kuidziwa ndi yakuti hinjesi ntchito yake ndi kutembenuza phiko basi, pamene kusenza katundu woikidwa pa phikolo ndi ntchito ya chochirikiza. Matebulo ambiri amene amaweramira pansi kapena kuzuka mapiko asanakalambe amatero chifukwa ntchito ziwirizi zinasenzetsedwa chitsulo chimodzi.

Chifukwa chake tebulo lotere likufunika ku Copperbelt

Mizinda ya Kitwe ndi Ndola, ya m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, inakula chifukwa cha mkuwa ndi njanji. Ndola inayamba ngati boma la atsamunda mu 1904 ndipo inasanduka likulu la malonda ndi mafakitale, pamene Kitwe inakhazikitsidwa mu 1936 pafupi ndi mgodi wa Nkana, umene unakoka anthu ochokera ku Luapula, ku Northern Province, ku Eastern Province ndi ku Nyasaland. Nyumba zimene makampani a migodi ndi makhonsolo anamangira antchito m'makomboni monga Wusakile, Chamboli ndi Chimwemwe ku Kitwe, kapena Chifubu, Masala ndi Kabushi ku Ndola, zinali za zipinda zochepa ndiponso zopanikiza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nyumba zambiri zotere zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo, ndipo eni ake atsopano anawonjezera tizipinda ta lendi kuseri kwa nyumba, momwe banja lonse limadyera, kuchezera ndi kugona m'chipinda chimodzi kapena ziwiri. Ophunzira a pa Copperbelt University ku Kitwe ndi pa Northern Technical College ku Ndola amene amachita lendi kunja kwa sukulu nawonso amakhala mopanikizana chimodzimodzi.

M'chipinda chotere tebulo la anthu asanu ndi mmodzi limatseka njira tsiku lonse chifukwa cha chakudya cha ola limodzi, pamene tebulo lopinda mapiko limatha kugunditsidwa ku khoma n'kutenga malo ochepa kwambiri, kenaka n'kutambasulidwa madzulo kuti ana alembere ntchito ya kusukulu, kapena kuti telala adulirepo nsalu. Nzeru yomweyi imagwira ntchito pa kauntala ya golosale imene imatukulidwa kuti mwini sitolo adutse, pa thabwa la m'khitchini lomangirira ku khoma, ndi pa tebulo la makina osokera.

Mitundu ya mahinjesi

Hinjesi iliyonse ili ndi zigawo zitatu: timapepala tiwiri ta chitsulo tokhala ndi mabowo, mfundo zopiringizika zimene zimalowerana pakati pa timapepalato, ndi kachitsulo kowongoka kotchedwa pini kamene kamadutsa m'mfundozo n'kukhala potembenukira. Timapepalato timamangidwa ku thabwa ndi masikuluwu, ndiyo misomali ya mazinga yolowa mopota. Hinjesi wamba ya chitseko, imene imapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo zomangira, timapepala take ndi topapatiza chifukwa inapangidwira m'mphepete mwa chitseko, ndipo ikaikidwa kunsi kwa tebulo masikuluwu ake amagwera pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwa thabwa, pamene thabwa siligwira bwino ndipo silichedwa kung'aluka. Pa phiko la tebulo pamafunika hinjesi ya timapepala totambalala, kuti mabowo ake atalikirane ndi m'mphepete ndiponso asandondozane pa mzere umodzi wa mitsempha ya thabwa.

Mtundu wachiwiri ndi hinjesi yaitali yoyenda m'litali lonse la phiko, imene imatchedwa ya piyano chifukwa ndi imene imagwira chivundikiro cha piyano. Popeza ili ndi masikuluwu ambiri otalikirana masentimita ochepa, kulemera kumagawanika ndipo palibe sikuluwu imodzi imene imavutika yokha, nchifukwa chake imathandiza pa matabwa ofewa ndi pa matabwa opangidwa m'fakitale kuchokera ku utuchi ndi guluu, amene sagwira masikuluwu mwamphamvu. Vuto lake ndi lakuti phiko likatsitsidwa pamakhala mpata wooneka, umene umakola nyenyeswa za nsima ndi fumbi.

Mtundu wachitatu, umene ndi wa luso lalikulu, unafala pakati pa amisiri a ku England m'zaka za m'ma 1700. M'mphepete mwa chigawo chapakati mumasemedwa mobulungira, m'mphepete mwa phiko mumagobedwa mokumbika kuti mbali ziwirizo zivalane, ndipo hinjesi yake ili ndi kapepala kamodzi kotalika kuposa kanzake, kamene kamamangidwa ku phiko kuti kadumphe pogobedwapo. Mfundo za hinjesiyi zimakwiriridwa m'thabwa kunsi kwa chigawo chapakati, ndipo pini iyenera kugwera ndendende pakatikati pa kubulungirako, chifukwa ikaphonya ngakhale ndi mamilimita awiri phiko limakhula thabwa linzake kapena kusiya mpata. Ikaikidwa bwino, hinjesi sioneka phiko likatsika, ndipo phiko likadzuka mlomo wake umatsamira pa thabwa lapakati m'litali lonse, motero gawo lina la kulemera limachoka pa masikuluwu.

Zochirikiza ndi masamu ake

Munthu wonyamula ndowa ya madzi atatambasula mkono amatopa msanga kuposa woinyamula pafupi ndi thupi, ngakhale madziwo ndi omwewo, ndipo lamulo lomweli limalamulira phiko la tebulo. Katundu wa makilogalamu 10 woikidwa masentimita 40 kuchokera pa hinjesi, ngati palibe chochirikiza ndipo chogwira chokha ndi sikuluwu ili masentimita 2 kuchokera pa pini, amakoka sikuluwuyo ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 200, pakuti mtunda wa katunduyo ndi wowirikiza ka 20. Palibe thabwa la paini limene lingapirire zotere kwa nthawi yaitali, makamaka pamene anthu amatsamira zigongono m'mphepete mwa tebulo podzuka. Chochirikiza chimalandira kulemerako patali ndi hinjesi n'kukupititsa ku miyendo kapena ku khoma, ndipo chikamafika pafupi ndi nsonga ya phiko m'pamenenso masikuluwu amapepukidwa.

Chochirikiza champhamvu kuposa zonse ndi mwendo wotembenuka, umene umatseguka ngati kachitseko ka mpanda n'kukaima pansi pa phiko. Matebulo a mtundu umenewu, otchedwa gateleg, anafala ku England m'zaka za m'ma 1600, ndipo amasenza mapiko aakulu chifukwa kulemera kumatsikira pansi mwachindunji, ngakhale kuti miyendo yochulukayo imasowetsa mtendere maondo a okhala pa tebulo. Pa mapiko aang'ono pamakwanira kamkono ka thabwa kotembenukira m'mbali kuchokera ku chimango cha tebulo, monga pa matebulo otchedwa Pembroke a m'zaka za m'ma 1700, amene timikono tawo tinkatembenuka pa hinjesi yosemedwa m'thabwa lomwelo ngati zala zolowerana. Njira ina ndi ya timitengo tiwiri totsetsereka totuluka kunsi kwa chigawo chapakati monga mmene dilowa imatulukira, ndipo njirayi siifuna chitsulo chilichonse chogula, koma kalipentala wodziwa kuyeza ndi kupala bwino.

Masiku ano m'masitolo mumapezekanso mabulaketi a chitsulo opinda, amene ali hinjesi ndi chochirikiza pamodzi: phiko likadzuka kamkono kopendekera kamawongoka n'kudzikhoma ndi sipuling'i, ndipo kamamasuka munthu akadina kachitsulo kotsegulira. Opanga amalemba kulemera kumene awiri a mabulaketiwa angasenze, koma chiwerengerocho chimakwaniritsidwa pokhapokha pomangapo pali polimba. Pa khoma la mabuloko a simenti a mphako, kapena la njerwa zosawotcha, sikuluwu ya pamwamba ndi imene imakokedwa kwambiri ndipo ndi imene imayamba kuzuka, choncho ndi bwino kuyamba kumanga thabwa lochindikala ku khomalo ndi mabawuti angapo, kenaka mabulaketi n'kumangidwa pa thabwalo.

Thabwa ndi nyengo

Amisiri a ku Copperbelt ali pafupi ndi gwero la matabwa, pakuti minda ya paini ndi bulugamu imene boma linayamba kubzala kwambiri m'zaka za m'ma 1960, pofuna kupezera migodi ndi omanga nyumba matabwa, ili m'chigawo chomwechi. Mindayi tsopano ili m'manja mwa kampani ya ZAFFICO, yokhazikitsidwa mu 1982, imene likulu lake lili ku Ndola, ndipo matabwa ocheka kuchokera ku mitengo imeneyi ndi amene amadzaza m'misika monga wa Nakadoli ku Kitwe, kumene akalipentala ambiri amagwirira ntchito. Mlombwa, umene ku Zambia umadziwika kuti mukwa, ndi wolimba, wokongola, wosadyeka msanga ndi chiswe, ndiponso sufupika kwambiri pouma, motero ndi woyenerera mapiko a tebulo kuposa paini, koma mtengo wake ndi wokwera chifukwa ukusowa m'nkhalango.

Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya ndi kuchitulutsanso, ndipo potero limafufuma ndi kufupika m'lifupi mwake, pamene m'litali silisintha kwenikweni. Ku Copperbelt mvula imagwa yambiri kuyambira Novembala mpaka Epulo, kupitirira mamilimita 1,000 pa chaka, kenaka kumabwera chilimwe chouma chimene chimafika pachimake mu Okutobala, kotero phiko la paini la masentimita 40 lingathe kusintha ndi mamilimita angapo pakati pa nyengo ziwirizi. Paini wogulidwa ali wamuwisi n'kupangidwa tebulo sabata yomweyo amapindika pouma, ndipo phiko lopindika limakoka mahinjesi mpaka mabowo a masikuluwu kukula. Pa chifukwa chimenechi matabwa ayenera kusanjidwa pamthunzi, timitengo titaikidwa pakati pake kuti mphepo izidutsa, kufikira atauma. Mitsempha ya phiko iyenera kuyenda motsatira mzere wa mahinjesi. Ndipo vanishi apakidwe pamwamba ndi kunsi komwe, chifukwa thabwa lopakidwa mbali imodzi limamwa chinyezi mosafanana n'kukhota.

Chitsulo chake ndi kamangidwe

Mahinjesi amapangidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki, chitsulo chosachita dzimbiri, kapena bulasi, amene ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Ngakhale mkuwa umakumbidwa pansi pa Kitwe penipeni, ndipo fakitale ya ZAMEFA ku Luanshya imausandutsa waya ndi zingwe za magetsi, mahinjesi ambiri a m'masitolo a m'chigawochi amachokera kunja, monga ku China, ku India ndi ku South Africa. Ambiri ooneka ngati a bulasi ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba, chimene chimachita dzimbiri msanga m'khitchini, ndipo njira yosavuta yowasiyanitsira ndi maginito, amene amamata pa chitsulo wamba koma samata pa bulasi weniweni. Hinjesi yabwino imadziwikanso ndi kuchindikala kwa timapepala take ndi pini yosagwedera m'mfundo.

Pomanga, tebulo limagonekedwa chafufumimba pamalo osalala, phiko n'kugunditsidwa ku chigawo chapakati ndi kampata kochepa kwambiri, ndipo hinjesi iliyonse imayamba yamangidwa ndi sikuluwu imodzi mbali iliyonse kuti kayendedwe ka phiko kayesedwe ena onse asanalowe. Bowo laling'ono liyenera kuboolederatu, makamaka pa mlombwa, ndipo popeza sikuluwu ya bulasi ndi yofewa ndipo imatha kuduka mutu m'thabwa lolimba, amisiri odziwa amayamba alowetsa ya chitsulo kuti itsegule mazinga. Sikuluwu yokhomedwa ndi hamala imaphwanya mitsempha ya thabwa imene inayenera kuigwira, ndipo msomali wamba sugwira konse hinjesi ya phiko, chifukwa kukoka kwake kumatsata njira yomwe msomaliwo unalowera. Bowo limene lakula limakonzedwa poboolapo bwino, kulowetsamo kamtengo kolimba kopaka guluu, n'kuboolanso guluuyo atauma.

Wogula tebulo lotere ku Nakadoli, ku Masala kapena kwa kalipentala wa m'komboni ali ndi ufulu wolisuzumira kunsi asanapereke ndalama: awerenge ngati bowo lililonse la hinjesi lili ndi sikuluwu yake, aone pamene chochirikiza chalekezera, adzutse phiko n'kulikanikiza m'mphepete kuti aone ngati likufanana msinkhu ndi chigawo chapakati, ndipo afunse kuti matabwawo anauma nthawi yaitali bwanji. Kusiyana kwa mtengo pakati pa hinjesi yopyapyala ndi yochindikala n'kochepa poyerekeza ndi mtengo wa tebulo lonse, koma kalipentala amene amapikisana ndi anzake pa msika umodzi sangawonjezere ndalama imeneyo ngati ogula amangoyang'ana kuwala kwa vanishi. Ogula akayamba kufunsa za zitsulo za kunsi ndi kuvomera kulipira ntchito yoyezedwa bwino, amisiri a ku Kitwe ndi ku Ndola adzapeza chifukwa chogwiritsira ntchito luso limene ambiri a iwo ali nalo kale, ndipo banja lokhala m'chipinda chimodzi lidzagula tebulo kamodzi m'malo mobwerera ku msika chaka ndi chaka.