Kuthamanga tsiku ndi tsiku: miyendo yanu ingapirire mtunda wotani?

Anthu othamanga pofuna kulimbitsa thupi akuchuluka m'dziko muno. Ku Kasungu mumawaona m'bandakucha m'mphepete mwa msewu wa M1, pa msewu wopita ku Mtunthama ndiponso m'tinjira todutsa m'minda ya fodya. Ena akufuna kuchepetsa thupi, ena adauzidwa kuchipatala kuti magazi awo akuthamanga kapena shuga wakwera, ena akukonzekera mpikisano. Ngati muli m'gulu limeneli, kapena mukufuna kuyamba, nkhani yaikulu ili pa mtunda: makilomita angati, masiku angati pa sabata, komanso pa njira yotani. Apa ndi pamene anthu ambiri amavulalira mpaka kusiyiratu.

Thupi limafuna zochuluka bwanji?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a mu 2020, lidati munthu wamkulu azilimbitsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata ngati akuchita zopepukirapo monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 mpaka 150 ngati akuchita zamphamvu monga kuthamanga. Ndiye kuti mukathamanga mphindi 25 masiku atatu pa sabata, mwafika kale pa mlingo umene mtima wanu umapindula nawo.

Phindulo si laling'ono. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita pamodzi ndi WHO mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Kuthamanga mokhazikika kumathandiza kutsitsa BP, kuchepetsa shuga m'magazi ndi kugona tulo tabwino. Koma zonsezi zimabwera kwa munthu amene wapitiriza kwa miyezi ndi zaka. Wothamanga makilomita 10 tsiku lililonse kwa masabata atatu, kenako n'kukhala pansi miyezi itatu chifukwa cha bondo, wapindula zochepa kuposa mnzake wa makilomita 4 amene sadadukize.

Mtima umazolowera msanga, mafupa amachedwa

Mukayamba kuthamanga, pakangotha masabata ochepa mumaona kuti wefuwefu wachepa. Mtima umapopa magazi ambiri ulendo uliwonse ukagunda, ndipo minofu imayamba kugwiritsa ntchito bwino mpweya. Mumamva ngati mungathe kuwirikiza mtunda. Msampha uli pomwepo, chifukwa mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimatenga miyezi kuti zilimbe.

Phazi likaponda pansi pothamanga, mwendo umalandira mphamvu yofanana ndi kulemera kwa thupi lanu kawiri kapena katatu. Ngati mumalemera makilogalamu 70, zili ngati matumba atatu kapena anayi a chimanga a makilogalamu 50 akutsikira pa mwendo umodzi. Pa kilomita imodzi mapazi amaponda pansi maulendo pafupifupi 1,000. Wothamanga makilomita 8 tsiku lililonse amaponda pansi chotero maulendo oposa 50,000 pa sabata.

Fupa ndi chinthu chamoyo. Likagwira ntchito yolemetsa chonchi limachita timing'alu tosaoneka ndi maso. Thupi limachotsa mbali yowonongekayo n'kumangapo ina yolimba kuposa poyamba. Koma kuchotsa kumayamba, kumanga kumabwera pambuyo. Mukamawonjezera katundu kumangako kusanathe, timing'alu timachuluka mpaka fupa limang'aluka ngakhale simunagwe kapena kupunthwa. Izi zimachitika kawirikawiri pa msongolo ndi pa timafupa ta pamwamba pa phazi. Minofu ndi mitsempha nayo imakonzedwa mukamapuma ndi pamene muli m'tulo. Choncho tsiku lopuma lili m'gulu la maphunziro omwewo, chifukwa ndi limene limasandutsa thukuta la dzulo kukhala mphamvu.

Konzani sabata yonse, osati tsiku limodzi

Ngati mukungoyamba kumene, werengani mphindi, makilomita abwera pambuyo. Tulukani masiku atatu pa sabata, osatsatizana, kwa mphindi 20 mpaka 30. Thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri, n'kumabwereza. Sabata iliyonse muzitalikitsa pang'ono gawo lothamanga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, anthu ambiri amatha kuthamanga mphindi 30 osaima, womwe ndi mtunda wa makilomita 4 kapena 5. Ngati mulibe foni yoyeza mtunda, kuzungulira katatu bwalo la mpira la muyezo wathunthu ndi pafupifupi kilomita imodzi.

Ngati mudazolowera kale ndipo mumakwanitsa makilomita 25 pa sabata, musawagawe mofanana masiku onse. Mwachitsanzo, Lolemba pumani. Lachiwiri thamangani makilomita 5 mofatsa pa msewu wa fumbi. Lachitatu limbitsani miyendo pakhomo: kunyonyomala ndi kudzuka, kukweza zidendene mutaima pa zala, kukwera ndi kutsika pa khonde. Lachinayi makilomita 6, muli tizigawo tingapo taliwiro. Lachisanu pumani kapena palasani njinga. Loweruka makilomita 10 mosapupuluma. Lamulungu makilomita 4 opepuka. Masiku awiri olemetsa asamagundizane.

Liwiro la masiku ambiri likhale loti mungathe kucheza ndi mnzanu muli kuthamanga. Ngati mawu akuduka pakati chifukwa cha phuma, mwawonjeza. Powonjezera mtunda, aphunzitsi ambiri a masewera amalangiza kuti musapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mtunda wa sabata yatha. Pa makilomita 25, onjezerani awiri kapena atatu basi. Sabata yachinayi iliyonse bwererani m'mbuyo pang'ono kuti thupi lipezeko mpata. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Werengeraninso ntchito imene mumagwira. Kukwezera mizere, kuwokera fodya, kuthyola ndi kututa masamba kupita ku chigafa, kupalasa kabaza kapena kuima tsiku lonse mumsika, zonsezi ndi katundu pa miyendo ndi msana womwewo. M'miyezi ya ntchito yambiri ya kumunda chepetsani mtunda, mudzawonjezere mukakolola.

Ofuna mpikisano wa makilomita 21.1 azidzipatsa miyezi itatu kapena inayi yokonzekera atazolowera kale makilomita 10. Wa makilomita 42.195 umafuna nthawi yoposa pamenepo. Dziwaninso kuti dera la Kasungu ndi lathyathyathya. Ngati maso anu ali pa mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, miyendo iyenera kuphunzira zitunda, makamaka kutsika, komwe kumapweteka ntchafu kuposa kukwera. Yambani ndi zitunda zazifupi monga za m'munsi mwa phiri la Kasungu, kamodzi pa sabata.

Tala kapena fumbi?

Njira iliyonse ili ndi ubwino ndi zovuta zake, ndipo chanzeru n'kusinthasintha. Msewu wa tala ndi wosalala, mumatha kusunga liwiro limodzi. Koma phazi limaponda mofanana ulendo uliwonse, choncho malo omwewo a mwendo ndi amene amalandira katundu yense. Msewu umakhalanso wopendekera m'mbali kuti madzi azitsika, ndiye mwendo umodzi umakhala m'munsi nthawi zonse.

Choopsa chachikulu pa tala ndi galimoto. M'Malawi galimoto zimayenda kumanzere, choncho inu muzikhala kumanja, moyang'anizana ndi zimene zikubwera. Valani zowala, ndipo musatseke makutu onse ndi nyimbo. Msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, malole a mabelo opita ku Chinkhoma amachuluka pa M1, kuwonjezera pa mabasi, njinga zamoto ndi ngolo. Kukadali mdima, sankhani njira ina.

Msewu wa fumbi ndi tinjira ta m'minda timapatsa phazi ntchito yosiyanasiyana, zimene zimalimbitsa akakolo. Koma muli zitsa, maenje, mchenga ndi mizere, ndipo kubinya n'kosavuta. Fupikitsani mapazi, yang'anani patsogolo pang'ono, ndipo musayembekezere liwiro la pa tala. Pewani munda umene wangopoperedwa mankhwala. Fodya akakula, musadzipanikize m'tinjira topapatiza tokhudzana ndi masamba onyowa ndi mame kapena mvula, chifukwa nikotini amalowa kudzera pa khungu ndipo amatha kuyambitsa nseru, mutu ndi chizungulire.

Galu akakuthamangitsani, imani m'malo mothawa. Akakulumani kapena kukukandani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe. M'midzi ya m'malire mwa nkhalango ya Kasungu muli nkhani inanso. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde, ndipo zina zimatuluka kukalowa m'minda. Musathamange m'mbali mwa nkhalango m'bandakucha kapena madzulo. Kumeneko kulinso kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera, imene imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu. Mukatentha thupi mutalumidwa nayo, auzeni adokotala kumene mudali.

Kulikonse kumene mukupita, uzani wina njira yanu ndi nthawi yobwerera. Kuthamanga awiri kapena atatu kumateteza, makamaka amayi ndi atsikana.

Nyengo imasintha mtunda

Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la ku Kasungu limaswa mtengo, ndipo mitengo ya mthunzi ndi yochepa m'minda. Thamangani dzuwa lisanakwere, chepetsani mtunda ndi liwiro. Thupi limatenga pafupifupi masabata awiri kuti lizolowere kutentha. Miyezi yomweyo kumakhala fumbi ndi utsi wa moto wolusa, zimene zimadzutsa mphumu. Ngati muli ndi mankhwala opopera m'kamwa, yendani nawo.

M'dzinja njira zimaterera ndipo madambo amadzaza. Mukamva kugunda kwa mabingu, lowani m'nyumba. Pamalo oyera opanda zitunda, munthu woima ndi amene amakhala pamwamba, ndipo kubisala pansi pa mtengo umodzi woima paokha n'koopsa kwambiri. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira, choncho yambani ndi kuyenda ndawala kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti minofu itenthe.

Madzi, chakudya ndi nsapato

Pa mtunda wosafika ola limodzi, kumwa madzi musananyamuke ndi pobwerera n'kokwanira, pokhapokha kutatentha kwambiri. Kuposa ola, nyamulani botolo ndipo muzimwa mukamva ludzu. Musadzikakamize kumwa madzi ochuluka zedi, chifukwa amasungunula mchere wa m'magazi, zomwenso n'zoopsa. Mkodzo wachikasu chowala umasonyeza kuti madzi akukwana.

Simukufunika zakudya za m'mabotolo zodula. Nthochi, mbatata kapena phala pang'ono musananyamuke zimapatsa mphamvu. Pobwerera, nsima ya nyemba, usipa, mazira, soya kapena ndiwo zotendera zimakonza minofu. Ngati mukuchepetsa thupi, musadule chakudya kwambiri pa nthawi yomwe mukuwonjezera mtunda. Kwa amayi, kusiya kusamba mutachulukitsa kuthamanga, pamene mulibe pakati, ndi chizindikiro chakuti thupi likuperewera chakudya ndipo mafupa akufooka. Kaonaneni ndi achipatala.

Nsapato ikhale yokukwanani, yosiya mpata wa chala chachikulu cha kumanja kutsogolo kwa zala. Ngati mukugula ya kaunjika, tembenuzani muone kunsi. Ikakhala yodyeka mbali imodzi kapena yophwatalala mkati, idatha kale ntchito ngakhale pamwamba pakuwala.

Ululu wopirira ndi ululu wosapirira

Kuphwanya kwa minofu ya miyendo yonse iwiri tsiku limodzi kapena awiri mutathamanga kwambiri si vuto, kumatha kokha. Koma ululu wa malo amodzi oti mungaloze ndi chala pa fupa, ululu wokula mukamapitiriza, wokutsimphinitsani kapena wosakugonetsani usiku, umafuna kuti muleke ndipo mukapimitse. Musamwe bulufeni kapena diclofenac kuti muthe kuthamanga. Mankhwalawa amabisa chenjezo la thupi, ndipo amatha kuwononga impso mukataya madzi ambiri ndi thukuta.

Musathamange thupi likutentha. Kayezetseni malungo, malizani mankhwala onse, ndipo muyambirenso ndi mtunda wochepa mphamvu zikabwerera.

Imani nthawi yomweyo ndi kupita kuchipatala mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu, mtima kugunda modumphadumpha, kukomoka, kusokonezeka mutu pa dzuwa, kapena mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka mutathamanga kwambiri. Ngati muli ndi matenda a mtima, shuga, BP, muli ndi pakati, kapena wachibale wanu adamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, kambiranani ndi adokotala musanayambe. Kuyeza BP kumatenga mphindi zochepa ndipo m'zipatala za boma n'kwaulere.

Pomaliza, sungani kabuku kapena lembani m'foni: tsiku, mtunda, njira imene mudadutsa ndi mmene miyendo idamvera m'mawa mwake. Pakatha mwezi mudzaona nokha mtunda umene thupi lanu likulandira bwino. Umenewo ndiwo poyambira powonjezera, osati wa mnzanu amene mumamuona pa Facebook.