Mkono wa injini ukayamba kugwedera, musathamangire sipanala

Mwera ukayamba kuwomba, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, boti lomwe chiwongolero chake chakhwepa limadziwika msanga. Nyanja ili bata, woyendetsa amangozolowera kuti mkono wa injini umayenda kaye pang'ono boti lisanatembenuke. Pa mafunde, kampata komweko ndi kokwanira kuti boti lodzaza usipa lipereke nthiti ku funde. Kwa eni maboti a ku Yofu ndi madooko ena a pa Likoma, nkhaniyi imakhudzanso thumba, chifukwa zitsulo zambiri zimachokera ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula chitsulo cholakwika ndi kutaya ndalama zambiri.

Ambiri akamva kugwedera amathamangira kumanga bawuti yolimbitsa chiwongolero, yomwe imakhala pakhosi pamene injini imazungulirapo. Bawutiyi ntchito yake ndi kulemeretsa kapena kupeputsa mkono basi. Mukaimanga kwambiri mumangobisa matenda, ndipo tsiku lofuna kukhota mwadzidzidzi kuthawa mwala kapena khoka la anzanu, mkono umakana.

Yambani mwapeza pamene pakugwedera. Kokerani boti kumtunda, injini ili yozima. Wina agwire mwendo wa injini pafupi ndi pulopela n'kumaukankha uku ndi uku, wina aziyang'ana kumwamba. Maso ndi amene anene chogula.

Injini yonse ikamasuntha pamodzi ndi zomangira zake, vuto lili pa thabwa lakumbuyo. Apa mpofunika kufatsa. Zomangira ziwiri zopota ndi manja zija zimamasuka zokha ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo kuzimanga sikulira ndalama. Koma pa maboti athu amatabwa, kawirikawiri thabwalo limakhala litafewa ndi madzi, mbale za zomangira n'kulowa m'kati. Mumanga lero, mawa zamasukanso. Bayani thabwalo ndi sikuludiraiva: ikaloŵa mosavuta, itanani mmisiri wa maboti, osati makaniko. Ngati thabwa likadali lolimba koma langodyeka pamwamba, kuikapo chitsulo chaphanthiphanthi kapena kathabwa kolimba kumathandiza. Injini yaikulu monga Yamaha Enduro 40 siyenera kudalira zomangira zamanja zokha. Iboolereni mabawuti odutsa thabwa. Ndipo kaya ndi 15 kaya ndi 40, imangireni chingwe ku boti. Injini yogwera m'madzi akuya a kuno siibwerera, chikhalirecho ngongole yake imatsala kumtunda.

Zomangira zikakhala chilili koma mwendo ukugwedera pakhosi, ndiye kuti mabushi adyeka. Mdani wake ndi mchenga wa padooko komanso kusowa girizi. Pakhosipo pali timabowo tothirira girizi; gwiritsani ntchito wosasungunuka ndi madzi, osati aliyense amene watsala pa njinga yamoto. Pamene mutu ndi mwendo zikusuntha mofewa ngati zakhala pa siponji, makamaka poika giya, kaikirani malabala omwe amagwira injini kumtunda ndi kumunsi. Ntchito ziwirizi n'za makaniko.

Nthawi zina injini yonse imakhala bwinobwino, wogwedera ndi mkono wokha pamene umapindikira m'mwamba. Nati, mawashala ndi kabushi ka pamenepo ndi zazing'ono, koma musalowetsepo msomali kapena waya. Mawaya a moto ndi a chozimitsira amadutsa chapomwepo.

Palinso vuto lina lomwe anthu amalisokoneza ndi kugwedera: boti lokokera mbali imodzi, mpaka phewa kuwawa. Pa injini zazikulupo, onani kachipsepse kachitsulo kali pamwamba pa pulopela. Boti likamakokera kumanzere, masulani bawuti yake n'kupotozera mchira wake kumanzere pang'ono. Likamakokera kumanja, kumanja. Katundu wounjikidwa mbali imodzi amachitanso zomwezo, choncho yambani mwasanja bwino khoka ndi zigubu.

Potuma munthu pa Ilala kapena pa boti lopita ku Nkhata Bay, musangomuuza kuti “mabushi a 15”. Lembani nambala zonse zomwe zili pa kachitsulo komatidwa pa chomangira cha injini, mumupatsenso chitsulo chakalecho kuti akayerekeze pa kauntala. Afunse mitengo m'masitolo awiri kapena atatu, chifukwa zitsulo zenizeni ndi zongofanizira zimagulitsidwa moyandikana, ndipo chotchipa kwambiri sichichedwa kudyeka. Ngati n'kotheka, gwirizanani eni maboti angapo mutume munthu mmodzi. Chitsulo chikabwera cholakwika, kukachibweza kungakudyereni sabata yathunthu boti lili pamchenga, anyamata a chilimira akupita kukakwera la wina.