Yeremiya 29:11 sanalembere anthu amene mavuto awo anatha

Mu Januwale 2024, kolera atavuta mpaka boma kusandutsa National Heroes Stadium kukhala chipatala, ndinapita kukapepesa maliro a mwana muno mu komboni ya Linda. Ndinapeza mlaliki wina wachinyamata atayamba kale. Anawerenga Yeremiya 29:11, vesi lija lonena za malingaliro abwino amene Mulungu ali nawo pa anthu ake, kenaka anauza amayi a mwanayo kuti m'nyumbamo mukanakhala chikhulupiriro chokwanira, imfa sikanalowamo. Amayiwo anangowerama, osayankha. Ine zinandiwawa kwabasi.

Ndine mbusa, ndipo vesili ndimalikonda. Koma tinalizula pamalo pake. Talimata kumbuyo kwa minibasi, pa kantemba, pa makadi a ukwati, ngati risiti yoti tikatengere katundu kwa Mulungu mwezi ukatha. Kusukulu ya ubusa amaphunzitsa exegesis. Dzinali ndi loopsa, koma ntchito yake ndi kungofunsa kuti analemba ndani, ankalembera yani, ndipo zinthu zinali bwanji nthawiyo.

Vesili lili m'kalata imene Yeremiya anatumiza kuchokera ku Yerusalemu kupita kwa Ayuda amene Nebukadinezara anawatengera ku Babulo pamodzi ndi mfumu Yekoniya, m'chaka cha 597 Khristu asanabadwe. Nyumba, minda ndi manda a makolo, zonse anazisiya. Olosera zokoma analiponso. Mu chaputala 28, mneneri Hananiya analengeza m'Kachisi kuti zaka ziwiri zisanathe onse adzabwerera kwawo, mpaka anathyola goli limene Yeremiya anavala pakhosi. Chaka chomwecho Hananiya anamwalira, anthu akadali ku Babulo.

Yeremiya anawauza zimene sankafuna kumva. Vesi 10, loyandikana ndi limene timalowezali, likuti adzakhalako zaka 70. Tangoganizani bambo wa zaka 40 akumvetsera kalatayi. Anadziwiratu kuti adzaikidwa m'dziko la eni. Lonjezo linali loona ndithu, koma ambiri amene analimva ndi makutu awo sanalione ndi maso. Analiona ana ndi adzukulu. Podikirapo anauzidwa, pa vesi 5 mpaka 7, kuti amange nyumba, alime minda, akwatire ndi kukwatiwa, ndiponso afunire zabwino mzinda wa adani awowo n'kumaupempherera. Mavesi amenewa sindinawaonepo pa minibasi.

Bodza limene landitopetsa ndi lakuti Mkhristu akavutika ndiye kuti anachimwa kapena pemphero lake ndi lofooka. Anzake a Yobu anaphunzitsa zomwezi, ndipo mu chaputala 42 Mulungu anawakwiyira iwowo, osati Yobu. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa Yesu kuti anachimwa ndani kuti munthu wina abadwe wosaona. Yesu anakana kuloza chala munthuyo kapena makolo ake. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, koma sunachoke. Kodi tinene kuti Paulo anali wochepa chikhulupiriro?

Kolera ali ndi njira yake yodziwika. Mvula ikagwa, chimbudzi cha dzenje chimasefukira, zonyansa n'kulowa m'chitsime chosaya chimene komboni yonse imatungapo. Madziwo safunsa kuti wapereka chakhumi ndani. A Frederick Chiluba analengeza Zambia kukhala dziko lachikhristu mu 1991, komabe kolera anavuta ku komboni ya Kanyama mu 2017 ndi 2018, n'kubweranso mu 2023. Kwa ine, kufunira mzinda zabwino kumene Yeremiya ankanena kukuphatikiza kufukula ngalande ndi kukumbutsa akhansala za mipopi.

Malangizo anga ndi ochepa, abale anga, ndipo sindikuti athetsa zonse. Vesi likakukomerani, werengani chaputala chonse. Mneneri akakuuzani kuti mubzale mbewu ya ndalama kuti vuto lithe pofika tsiku lakutilakuti, kumbukirani Hananiya. Pamaliro khalani pansi, tungani madzi, sonkhani moto. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete. Kupemphera sindikuletsa, inenso ndimagwada. Koma mwana akayamba kutsegula m'mimba, m'mwetseni ORS ndipo thamangani naye kukiliniki, mupemphere muli m'njira. M'chigubu cha madzi akumwa thiranimo klorini.