Za Mainjiniya, ndi Cimene Ciwacotsa Kwao

Lero tikamba za injiniya wa zomangamanga, ndiye munthu amene ayesa nthaka ndi kulemba mapulani a milatho, miseu, njanje ndi mipope ya madzi. Tiyambire ku Rugare, komboni ya mu Harare imene kampani ya Rhodesia Railways inamangira anchito ace acikuda. Ambiri a iwo anacokera ku Nyasaland.

Makolo amenewo anasenza zitsulo za njanje ndi kutsira miyala pansi pace, koma woyesa ndi wolamula anali Mzungu. Sukulu yaikuru ya ku Salisbury inatsegula cigawo ca uinjiniya mu 1974, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 ana a anchito wamba anayamba kulowamo ambiri.

Tsono bvuto linasanduka lina: kuwasunga. Mu 2008 ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu, kotero kuti malipiro a mwezi anali kusungunuka munthu asanafike kusitolo. Nthawi yomweyo ku South Africa anali kumanga mabwalo a mpira a 2010 ndi njanje ya Gautrain, ndipo anafuna mainjiniya. Ambiri anapita kumeneko, ena ku Botswana ndi ku Australia. Ndani angawadzudzule, pamene ana anali kulira njala?

Koma tamverani bwino apa. Mnyamata wotuluka m'sukulu ndi digiri sanakhwime ai. Ayenera kugwira nchito zaka zingapo pansi pa injiniya wamkuru asanabvomerezedwe kusaina mapulani yekha. Wamkuruyo akacoka, sacoka yekha: atenga nzeru zimene siziri m'buku, monga kudziwa pamene padutsa mpope wakale ndi mlatho umene madzi aukumba pansi, asiyanso anyamata opanda wowalangiza. Posacedwa iwonso amtsata.

Zotsatira zace zinaoneka. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dzikomo, ndipo mu Harare inakula m'makomboni mmene mipope ya zonyansa inali kuphulika osakonzedwa. Sitinena kuti kusowa kwa mainjiniya ndiko kokha kunacititsa. Ndalama ndi mankhwala oyeretsa madzi zinasowanso.

Nchito yokonza njanje ndi mipope njambiri, ndipo mwana wa ku Rugare wokonda masamu sadzasowa pomfuna. Koma pofunsira malo, asafunse za malipiro okha. Afunsenso ngati pali wamkuru amene adzayenda naye pa nchitoyo.