Michigan ndi Ohio State: masewero amodzi amene amaweruza chaka chonse

Pa 29 Novembala 2025, anthu oposa 107,000 adasonkhana m'bwalo limodzi mumzinda wa Ann Arbor, m'dziko la America, kuti aonere ophunzira a mayunivesite awiri akulimbana pa mpira. Timu ya University of Michigan idalandira timu ya Ohio State University. Kumeneko masewerowa amangowatcha The Game, ngati kuti ena onse ndi ongokonzekera chabe. Ohio State idabwera ili ndi chikho cha dziko lonse, chimene idatenga mu Januwale chaka chomwecho. Komabe ochemerera ake mitima idali m'mwamba, chifukwa kwa zaka 4 zotsatizana timu yawo idali ikugonja kwa Michigan. Nanga zimatheka bwanji kuti akatswiri a dziko lonse azisowa tulo chifukwa cha masewero amodzi? Tiyeni tiunike.

Mpira wake ndi wotani?

Choyamba timvane za mpira womwe tikukambawu, pakuti si wamiyendo uja tidauzolowera. Mpira wake ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri amaunyamula m'manja kapena kuuponya. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Bwalolo ndi lotalika mayadi 100, omwe ndi pafupifupi mamita 91, ndipo kumapeto kwake kulikonse kuli chigawo chogoletsera.

Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4 kuti iusunthe mayadi 10 kupita kutsogolo. Ikakwanitsa, imalandira mipata ina 4. Ikalephera, mpira umapita kwa anzawo pamalo pomwepo. N'chifukwa chake timu ikafika pa mpata wachinayi ili kutali, imangoumenya mpirawo ndi phazi kuti anzawo akayambire patali. Wosewera akalowa ndi mpira m'chigawo chogoletsera, amati wachita touchdown, ndipo timu imapeza mapointi 6, kenaka imatha kuonjezera 1 pomenya mpira pakati pa mitengo iwiri. Ikaona kuti touchdown yakanika koma ili pafupi, imamenya mpira pakati pa mitengo yomweyo n'kupeza mapointi 3, ndipo imeneyi ndi field goal.

Njira zosunthira mpira zilipo ziwiri: kuthamanga nawo pothyola mpanda wa otchinga, kapena kuuponya m'mwamba kuti mnzako auwakhe. Amene amatsogolera zonsezi ndi wosewera wotchedwa quarterback. Masewero amagawidwa magawo 4 a mphindi 15, koma popeza wotchi imaimaima, amatha maola oposa 3.

Udani udayamba kale

Zigawo za Michigan ndi Ohio ndi zoyandikana, ndipo kuchokera ku Ann Arbor kukafika ku Columbus, kwawo kwa Ohio State, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 300. Mu 1835 ndi 1836 mbali ziwirizi zidakangana pa malire, zikulimbirana kachigawo komwe kuli mzinda wa Toledo. Asilikali adasonkhana mbali zonse, ngakhale nkhondo yeniyeni sidamenyedwe. Boma lalikulu ku Washington lidagamula kuti Toledo akhale wa Ohio, ndipo Michigan idapatsidwa dera lalikulu la kumpoto lotchedwa Upper Peninsula. Ochemerera amakonda kunena kuti mlanduwo sudathe, udangosamukira m'bwalo la mpira.

Matimuwa adakumana koyamba mu 1897, ndipo Michigan idapambana osalola Ohio State kupeza ngakhale pointi imodzi. Kuyambira 1918 akhala akukumana chaka chilichonse, kupatula 2020 pamene masewero adalephereka chifukwa cha Covid-19. Kuyambira 1935 adasanduka masewero otsekera ndandanda ya chaka, kumapeto kwa Novembala. Mfundo imeneyi tiigwiritsitse: kawirikawiri wogonja sakhala ndi masewero ena a mu ligi oti apukutire misozi, ndipo kubwezera kumadikira chaka chathunthu. Mabwalo amasinthana, chaka china ku Ann Arbor, chaka chotsatira ku Columbus.

Ngakhale mabwalowo ali ndi zipsera za udaniwu. Pa mwambo wotsegulira Ohio Stadium mu 1922, Michigan idabwera ngati mlendo n'kupambana 19-0. Potsegulira Michigan Stadium mu 1927, bwalo lomwe lero ndi lalikulu kuposa onse ku America, Michigan idakwapulanso Ohio State 21-0. Mu 1934 mphunzitsi watsopano wa Ohio State, Francis Schmidt, adalimbitsa mtima anyamata ake powauza kuti nawonso a Michigan amavala thalauza mwendo umodziumodzi monga wina aliyense. Timu yake idapambana zaka 4 zotsatizana, Michigan osagoletsa n'komwe. Kuchokera pamenepo, wosewera aliyense wa Ohio State akagonjetsa Michigan amalandira kathalauza kakang'ono kagolide kovala m'khosi.

Mu 1950 masewero adachitika mkati mwa chimphepo cha chipale chofewa ku Columbus. Mizere ya m'bwalo sinkaoneka, matimu adangokhalira kumenyerana mpira kutali maulendo 45, ndipo Michigan idapambana 9-3 osakwanitsa mayadi 10 aja ngakhale kamodzi. Kuyambira 1969 mpaka 1978 udaniwu udafika pachimake pansi pa aphunzitsi awiri, Woody Hayes wa Ohio State ndi Bo Schembechler wa Michigan, yemwe kale adali wothandizira wa Hayes. M'chaka chake choyamba Schembechler adagonjetsa mbuye wakeyo 24-12, pomwe Ohio State idali itapambana masewero 22 otsatizana. Hayes ankadana n'kutchula dzina la Michigan, ankangoti timu ya kumpoto ija. Mpaka lero, sabata ya masewerowa ikafika, ophunzira a ku Columbus amamata tepi yofiira pa chilembo cha M pa zikwangwani za pasukulu pawo.

Mphunzitsi amayezedwa ndi tsiku limodzi

Kuti timvetse kulemera kwa tsikuli, tione nkhani ya John Cooper. Iyeyu adaphunzitsa Ohio State kuyambira 1988 mpaka 2000 ndipo adapambana masewero 111. Kwina kulikonse akadamuimikira chipilala. Koma pokumana ndi Michigan adapambana kawiri kokha, adagonja ka 10, n'kufanana mphamvu kamodzi, ndipo zimenezi ndi zomwe anthu amamukumbukira nazo. Atachotsedwa ntchito, zinthu zidatembenuka. Jim Tressel adagonja kwa Michigan kamodzi kokha m'zaka 10, Urban Meyer adapambana masewero onse 7, ndipo kuyambira 2012 mpaka 2019 Ohio State idapambana ka 8 motsatizana.

Ryan Day, mphunzitsi wa Ohio State lero, adayamba bwino popambana mu 2019. Kenaka chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe: Michigan idapambana 42-27 mu 2021, 45-23 mu 2022, 30-24 mu 2023 ndi 13-10 mu 2024. Pofika mu Januwale 2025, Day adali atapambana masewero 70 n'kugonja 10 okha, koma 4 mwa 10 amenewo ndi a Michigan.

Kugonja kwa mu 2024 ndi komwe kudapweteka koposa. Michigan idafika ku Columbus itagonja kale masewero 5, ndipo pafupifupi aliyense ankayembekezera kuti iphwanyidwa. Koma kutatsala masekondi 45, Dominic Zvada adamenya field goal imene idapatsa Michigan chipambano. Osewera a Michigan atayesa kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo la eni ake, ndeu idabuka mpaka apolisi adawathira mankhwala oyabwa m'maso, ndipo ligi ya Big Ten idalipiritsa sukulu iliyonse madola 100,000.

Kodi chikho chachepetsa mphamvu ya masewerowa?

Kale wogonja pa tsikuli ankataya pafupifupi zonse. Kuyambira 2014 mpaka 2023, matimu 4 okha ndi omwe ankalowa mu mpikisano wachipulula wofunira akatswiri a dziko. Mu 2023 matimu onse awiri adafika pa tsikuli atapambana masewero 11 osagonjapo. Michigan idapambana, idapitirira mpaka kutenga chikho, pamene Ohio State idatsala kunja chifukwa cha kugonja kumodzi komweko.

Mu 2024 malamulo adasintha, matimu olowa mu chipulula adakhala 12. Choncho Ohio State, ngakhale idagonja kwa Michigan, idapezabe malo. Idagonjetsa Tennessee, Oregon, Texas, kenaka Notre Dame 34-23 pa 20 Januwale 2025, n'kukhala akatswiri. Apa ena adayamba kunena kuti The Game yatha mchere, popeza munthu angathe kugonja n'kutengabe chikho.

Ife tikuona mosiyana. Chikho chimauza dziko lonse kuti timu yabwino ndi iti, koma masewerowa amathetsa mkangano wa anthu amene amakhala moyandikana, amagwira ntchito limodzi, ndipo ena adakwatirana. Tione Jack Sawyer, mnyamata wokulira pafupi ndi Columbus, yemwe adasewerera Ohio State kuyambira 2021 mpaka 2024. Ndiye adalanda mbendera ya Michigan pa tsiku la ndeu lija, ndipo ndiyenso adachita touchdown imene idatsimikizira chipambano pa Texas. Adachoka pasukulupo ndi ulemu wa ukatswiri, koma alibe kathalauza kagolide ngakhale kamodzi, ndipo mwayi wokapeza ngati wosewera sadzaupezanso. Chikho sichidalipire ngongole imeneyo.

Nayo Michigan idali ndi chake chofuna kutsimikiza. Mu 2023 zidaululika kuti mmodzi wa ogwira ntchito ku timuyi, Connor Stalions, ankatumiza anthu kukajambula zizindikiro zachinsinsi za matimu ena, zomwe malamulo amaletsa. Mphunzitsi wa nthawiyo, Jim Harbaugh, adaimitsidwa masewero 3, ndipo mu Ogasiti 2025 bungwe la NCAA lidapereka chilango chachikulu cha ndalama ku sukuluyi. A ku Ohio amati zipambano zija zidali zakuba. Sherrone Moore, yemwe adalowa m'malo mwa Harbaugh, ankadziwa kuti chipambano chilichonse chatsopano chimafooketsa mawu amenewo.

Tidzayang'ane chiyani?

Choyamba, tidzaonetsetse timu imene ikuthamanga bwino ndi mpira. Kwa zaka zoposa 20 tsopano, timu yomwe yapeza mayadi ambiri pothamanga ndiyo yakhala ikupambana masewerowa. Chifukwa chake n'chomveka. Kumapeto kwa Novembala kumeneko kumazizira kwambiri, mphepo imasokoneza mpira woponya, ndipo timu yothamanga imadya nthawi n'kutopetsa otchinga. Mu 2021 Hassan Haskins wa Michigan adachita touchdown ka 5 pothamanga. Mu 2022 Donovan Edwards adathamanga mayadi 75, kenaka 85, m'gawo lomaliza. Mu 2024 Michigan idapeza mayadi 172 pothamanga, Ohio State 77 okha.

Chachiwiri, mu 2025 ma quarterback onse awiri adali achinyamata omwe ankatsogolera matimu awo pa masewerowa koyamba. Ohio State idali ndi Julian Sayin, yemwe ankaponyera Jeremiah Smith, mmodzi mwa owakha mpira oopsa kwambiri m'makoleji onse. Michigan idali ndi Bryce Underwood, wa zaka 18 pa nthawiyo, wochokera ku Belleville pafupi ndi Ann Arbor pomwepo. Iyeyu ankayenera kusamala ndi Caleb Downs, wotchinga kumbuyo wa Ohio State pa nthawiyo amene sachedwa kuona komwe mpira ukupita. Amene amataya mpira kwa adani pa nthawi yolakwika ndiye amagonetsa timu yake ndi njala.

Tisaiwalenso kuti awa ndi ophunzira ngati ife, okhala ndi makalasi ndi mayeso. Kuyambira 2021 amaloledwa kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina lawo, ndipo mu 2025 sukulu iliyonse idaloledwa kugawira osewera ake mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni. Komabe osakwana 2 mwa osewera 100 alionse a m'makoleji ndi omwe amafika mu ligi yaikulu ya NFL. Kwa ambiri omaliza sukulu, masewero ngati awa ndi nsonga ya moyo wawo wa mpira. Ophunzira osasewera nawonso ali ndi mpikisano wawo: kuyambira 1982 sukulu ziwirizi zimapikisana pa kupereka magazi m'masabata oyandikira tsikuli, ndipo opindula ndi odwala m'zipatala.

Masewerowa amayamba 12 koloko masana Loweruka. Kwa anzathu a ku Andrews University, m'chigawo chomwecho cha Michigan, nthawiyo Sabata limakhala lili pakati, choncho osunga Sabata amamva zotsatira dzuwa litalowa. Kwathu kuno imakhala 7 koloko madzulo, Sabata litatha, ndipo amene ali ndi intaneti angathe kutsatira.

Kwa Ohio State, kupambana mu 2025 kunkatanthauza kuti Ryan Day atule katundu amene adasenza kuyambira 2021, ndipo anyamata ake alandire tithalauza tagolide koyamba m'zaka 6. Michigan ikadapambana kachisanu motsatizana, ku Columbus kukadakhala chaka china cha mafunso, kaya chikho chibwerenso kapena ayi. Amene adzatsatire masewerowa asathamangire kuyang'ana mapointi okha pa nthawi yopuma. Adzayang'anenso mayadi othamanga, chifukwa kawirikawiri wopambana amayamba kuonekera pamenepo.