Zomera Zosunga Madzi: Phunziro la M'mabwalo a ku Kabwe

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, tauni ya Kabwe imakhala ili mbuu! Kapinga wa m'mabwalo amakhala atapsa, maluwa ambiri atafota, ndipo mphepo ikangoti pe, fumbi limakwera kuchokera m'misewu n'kukalowa m'nyumba. Koma mukayenda pang'onopang'ono n'kumayang'ana m'makhonde, pamakomo a masitolo ndi m'mipanda ya anthu, mudzaona zomera zina zili zobiriwira ngati kuti mvula yagwa dzulo. Uku kuli alovera m'chidebe chakale, uko kuli mpanda wa nkhadze, apo khonje watambasula masamba ake aminga. Zomera zimenezi ambiri timazipitirira osaziponyera diso. Mlimi wanzeru ayenera kuima ndi kufunsa: kodi zimenezi zikupirira bwanji pamene zinzake zonse zagonja?

Chinsinsi chake chili m'thupi mwa chomeracho. Masamba kapena tsinde lake ndi lonenepa chifukwa ndi nkhokwe ya madzi, ndipo khungu lake ndi lochindikala, lokhala ngati lopakidwa phula, kuti madziwo asathawe. Palinso nzeru ina yobisika. Zomera zambiri zimapuma kudzera m'timabowo ting'onoting'ono ta pa masamba. Chimanga, nyemba ndi mpiru zimatsekula timaboworo masana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzi ambiri amatuluka nthawi imeneyo. Alovera, khonje ndi dolofiya zimachita mosiyana: zimatseka masana, n'kutsekula usiku kunja kutazizira. Mpweya umene zimakoka usikuwo zimausunga, n'kuugwiritsa ntchito popanga chakudya dzuwa likatuluka. Chinanazi nachonso chimachita chimodzimodzi. N'chifukwa chake zomerazi zimakula mochedwa, koma sizifa msanga.

Si zonse zimene zili za kwathu kuno. Dolofiya, chomera chija cha masamba ophwatalala aminga chobereka zipatso zofiira kapena zachikasu, kwawo ndi ku America, makamaka ku Mexico. Khonje nayenso anachokera ku Mexico komweko. Koma nkhadze ndi wathu wa mu Africa, ndipo makolo ankatchingira midzi, makola ndi manda. Mitundu yambiri ya alovera wakutchire imamera yokha m'matanthwe ndi m'nkhalango za Zambia ndi Malawi, n'kumatulutsa maluwa ofiira m'nyengo yozizira, pamene njuchi zilibe pokatenga timadzi.

Nanga n'chifukwa chiyani nkhani ya zomerazi ili yaikulu ku Kabwe kuposa kwina? Yankho lili m'dothi. Tauniyi, imene kale inkatchedwa Broken Hill, inamangidwa chifukwa cha mgodi. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kumeneko m'chaka cha 1902, ndipo mgodiwo unagwira ntchito kufikira 1994. Pa zaka zonsezo utsi ndi fumbi la mtovu zinkagwera pa nthaka, ndipo milu ya zotsalira za mgodi ilipobe mpaka lero. M'makomboni oyandikira mgodi, monga Kasanda, Makululu, Chowa ndi Mutwe Wansofu, dothi lili ndi mtovu wochuluka. Mtovu suola. Mwana akamasewera pabwalo, n'kuika zala m'kamwa kapena kupuma fumbilo, umalowa m'magazi n'kuwononga ubongo umene ukukula kumene. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wosavulaza.

Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Dothi la pabwalo likhoza kuoneka lachonde, lepu ndi chibwabwa n'kumera mosangalatsa, koma fumbi lokhala pa masambawo n'kukhala lakupha pang'onopang'ono. Choncho wokhala m'madera amenewa ali ndi mafunso awiri: adzale chiyani pabwalo pake, ndipo adzale m'dothi liti?

Pano tiyenera kunena zoona, chifukwa pali ena amene amatamanda zomerazi mopitirira. Alovera kapena dolofiya sachotsa mtovu m'nthaka. Ndiponso chomera chimodzi choima pakati pa bwalo losesedwa sichingaletse fumbi. Chimene chimateteza ana ndi kuphimba nthaka yonse: ndi kapinga, ndi miyala, ndi njerwa, kapena ndi dothi labwino lochokera kutali. Ntchito ya zomera zosunga madzi ndi yothandizira. Mpanda wobiriwira umachepetsa mphamvu ya mphepo yodutsa pabwalo m'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala. Zomera zoyanga zamasamba onenepa zimaphimba timalo timene kapinga angafe ndi ludzu. Ndipo chifukwa sizimwa madzi ambiri, banja limene limagula madzi pa chigubu likhoza kusunga madziwo kuti lithirire ndiwo zamasamba zodzalidwa m'matumba kapena m'mabedi okwera, a dothi losaipitsidwa.

Chenjezo lina ndi ili. Anthu ambiri amathyola tsamba la alovera n'kupaka pachilonda chamoto, ena amapatsa nkhuku m'madzi akumwa. Ngati mukufuna alovera wa ntchito zotere, mudzaleni m'chidebe, m'dothi lochokera kutali ndi mgodi, ndipo tsukani tsambalo musanalidule. Musatenge mchenga kapena miyala ya pa milu ya mgodi n'kuika m'miphika ya maluwa, ngakhale itaoneka yabwino chotani. Kutero n'kulowetsa mdani pakhonde pamene mwana amakwawira.

Kwa inu amene mukuphunzira ulimi, palinso mwayi wa malonda. Chilala cha nyengo ya 2023 mpaka 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinatikumbutsa kuti madzi si chinthu chodalira. Eni malo ogona alendo, masukulu, matchalitchi ndi masitolo amafuna malo ooneka bwino, koma safuna zothirira tsiku ndi tsiku. Kabwe ali pamsewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Kapiri Mposhi ndi ku Copperbelt, ndipo odutsa ndi ambiri. Mpamba woyambira nazale ya zomerazi ndi wochepa, chifukwa mbewu yake ndi chomera chomwecho.

Kachulukitsidwe kake nkosavuta. Alovera amaphukira ana m'mbali mwa tsinde. Mwana akakhala ndi masamba anayi kapena asanu, mpatuleni ndi mizu yake. Nkhadze ndi dolofiya zimamera kuchokera ku nthambi kapena tsamba lodulidwa. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amadula n'kudzala nthawi yomweyo, n'kuthirira. Chomeracho chimaola. Chodulidwacho chigonekeni pamthunzi masiku angapo mpaka bala liume, kenaka mudzale m'dothi louma, ndipo mudikire sabata musanathirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dothi lake likhale lotaya madzi msanga: magawo awiri a mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi la dothi la kudimba, ndi gawo limodzi la manyowa owolerana bwino. Timakala tophwanyika timathandizanso. Chidebe chilichonse, kaya ndi chitini, ndowa yothyoka kapena tayala, chibooledwe pansi. Tayala losaboola limasunga madzi n'kusanduka chisa cha udzudzu. Thirirani pokhapokha mukapisa chala n'kupeza kuti dothi lauma. Mdani wamkulu wa zomerazi si dzuwa la Okutobala ayi, koma mvula ya Januwale ndi Febuluwale. Nyengo imeneyo sunthirani miphika pakhonde, kapena ikwezeni pa njerwa. Mukaona tinsabwe toyera ngati thonje m'makwinya a masamba, pukutani ndi madzi a sopo tisanafalikire.

Mitundu iwiri ikufuna kusamala kwapadera. Utomoni woyera wa nkhadze umawotcha khungu, ndipo ukalowa m'maso ukhoza kuchititsa khungu. Podula valani magolovesi, imani kumene mphepo ikuchokera, ndipo utomoni ukagwera m'diso tsukani ndi madzi ambiri n'kuthamangira kuchipatala. Musadzale nkhadze pamene ana amasewera. Dolofiya nayenso ngwosaweta. Tsamba limodzi lotayidwa kudzala limamera mizu. Ku Australia chomerachi chinalanda mahekitala oposa 20 miliyoni a minda ndi msipu, mpaka mu 1926 pamene anamwaza kagulugufe kochokera ku South America kamene mphutsi zake zimadya tsindelo. Ku Laikipia, m'dziko la Kenya, abusa akulimbana nacho mpaka lero, chifukwa minga yake imavulaza milomo ndi maso a ziweto. Mukadulira dolofiya, zotsalazo ziumitseni ndi kuziotcha. Musazitaye m'ngalande kapena kutchire. Ndipo musakazule alovera wakutchire kuti mugulitse. Pemphani ana kwa amene anadzala kale.

Mlimi amene waphunzira kuyang'ana dothi asanadzale, kuyeza madzi asanathire, ndi kudziwa chomera asanachigulitse kwa mnzake, sadzasowa chochita ngakhale atakhala pa kapuloti ka m'tauni. Yambani ndi zidebe khumi mwezi uno. Mvula ikamadzatha, mudzakhala ndi ana okwanira kudzaza zina makumi atatu, ndi ena opatsako mnansi amene ana ake akusewerabe pafumbi.