Chifukwa Chake Mkaka Wowawasa Umananda

Mukamiza supuni m'chambiko kapena mu yogati n'kuona kuti zikunanda ngati therere, musangoti ndi puloteni wa mumkaka. Mabakiteriya ena owawasitsa mkaka, monga Streptococcus thermophilus, amalumikiza timashuga ting'onoting'ono n'kupanga unyolo wautali umene amautulutsira kunja kwa thupi lawo. Akatswiri amautcha polysaccharide, ndipo mphamvu yake yagona pa kalumikizidwe kake, osati pa kuchuluka kwake kokha.

Umboni woyamba uli kumunda komwe. Sitachi wa m'chimanga ndi ulusi wa m'mapesi zonse ndi glucose yekhayekha, koma china timaphika nsima pomwe chinacho m'mimba mwa munthu sichigayika, kusiyana kwake kuli mbali imene shuga aliyense wagwirira mnzake. Bakiteriya wotchedwa Leuconostoc mesenteroides amaphwanya shuga wa nzimbe n'kuluka unyolo wotchedwa dextran, momwe glucose amagwirana pa kaboni 1 ndi kaboni 6, n'kumaphuka nthambi apo ndi apo. Louis Pasteur ndiye anasonyeza mu 1861 kuti ulenda woterewu umachokera ku tizilombo. Nzimbe zodulidwa zikachedwa kuperedwa, dextran amalimbitsa madzi ake n'kusokoneza kapangidwe ka shuga. Koma cha m'ma 1940 asayansi a ku Sweden, Anders Grönwall ndi Björn Ingelman, anadula unyolo womwewo kuti ufupike, ukhala mankhwala othira mumtsempha wa munthu wotaya magazi ambiri. Chinthu chimodzi, utali wosiyana basi.

Mabakiteriya a mumkaka amaluka mwaluso kuposa apa: amabwereza kagulu ka mashuga atatu mpaka asanu ndi atatu, makamaka glucose, galactose ndi rhamnose. Wina anganene kuti kawirikawiri unyolowu sufika n'galamu imodzi pa lita, choncho wolimbitsa mkaka ndi casein, puloteni wa mumkaka uja. N'zoona kuti casein ndiye mzati wake, komabe viili, mkaka wowawasa wa ku Finland, amatamuka ngati ulimbo pomwe mkaka womwewo, mutaika mtundu wina wa bakiteriya wa Lactococcus lactis, umangoundana. Unyolo wautali ndi wosapindika msanga umagwira madzi ochuluka ngakhale uli wochepa.

Apa m'pamene otsatsa malonda amathamanga mopitirira. Kafukufuku wambiri wonena kuti mashugawa amalimbikitsa chitetezo cha m'thupi anachitika m'mabotolo a mulabotale ndi pa mbewa, ndipo zopezeka pa kefiran, unyolo wa glucose ndi galactose, sizingangosamutsidwira pa unyolo wina uliwonse chifukwa chakuti nawonso wachokera mumkaka wowawasa.